Nyama zopanda mutu zimene zili m'madzi athu

Pa magulu onse a nyama amene timaphunzitsa, awiri ndi amene ana a kuno ku Harare amangowaloweza popanda kuwakhulupirira: Porifera ndi Cnidaria. Mwana amalemba mayeso n'kukhoza ndithu, koma mumtima amati izi n'za anthu a kunyanja ya mchere, ife a ku Zimbabwe ndi ku Malawi sizitikhudza. Ine monga mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo zimandiwawa, chifukwa nyama za magulu awiri onsewa zilimo m'madzi athu omwewa, ndipo amene waziona ndi maso sadzazisokonezanso.

Tiyambe ndi masiponji, omwe ndi a Porifera. Sindikunena chinkhupule chosambira chimene mumagula ku Mbare, chija ndi chipatso chouma cha chomera choyanga. Sindikunenanso siponji yotsukira mbale yochokera kufakitale. Siponji yamoyo ndi nyama. Imamatirira pamwala kapena pachikuni m'madzi, siyenda, ilibe mutu, ilibe pakamwa, ilibe mimba ngakhale mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. N'chifukwa chake ophunzira akale ankaiyesa chomera. Mu 1765 John Ellis anaona kuti madzi amalowa ndi kutuluka m'mabowo ake, ndipo mu 1836 Robert Grant anapatsa gululi dzina limene tikugwiritsa ntchito mpaka lero.

Moyo wonse wa siponji wagona pa kukoka madzi. Thupi lake lili ndi timabowo tosawerengeka tolowera madzi, ndi bowo lalikulu, limodzi kapena angapo, lotulukira. M'kati muli tizipinda tozunguliridwa ndi maselo okhala ndi kamchira. Timichirato tikamagwedezeka, madzi amayenda, ndipo selo lililonse limakola mabakiteriya ndi tinyenyeswa ta chakudya n'kutigaya m'kati mwake momwemo. Kasiponji ka mtundu wa Leuconia, kotalika masentimita 10 okha ndi kunenepa sentimita imodzi, kamasefa malita oposa 20 pa tsiku. Inu amene mumanyamula chigubu kuchokera pamjigo ku Mabvuku kapena ku Mufakose mukudziwa kuti madzi amenewo si ochepa.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa n'chakuti maselo ake sanamangidwe pamodzi mwamphamvu monga athu. Mu 1907 H. V. Wilson ku America anafinya siponji yamoyo pansalu yasilika mpaka maselo onse anabalalika m'madzi. Atawasiya, anayamba kukwawa, kupezana, kugwirana, mapeto ake n'kumanganso timasiponji tatsopano. Selo la siponji limatha kusiya ntchito ina n'kuyamba ina thupi likafuna.

Pogawa masiponji akatswiri amayang'ana kwambiri chimene chimalimbitsa thupi. A Calcarea ali ndi timinga ta laimu. A Hexactinellida, a m'madzi akuya, ali ndi timinga ta galasi ta nsonga 6. A Demospongiae ndiwo ochuluka zedi, oposa 80 pa 100 iliyonse mwa mitundu yoposa 9,000 yodziwika, ndipo amakhala ndi timinga ta galasi, kapena ulusi wofewa, kapena zonse ziwiri. Gulu lachinayi, Homoscleromorpha, linapatulidwa palokha mu 2012, kotero buku lakale la kusukulu likatchula atatu okha musadabwe.

Masiponji a m'madzi opanda mchere, mitundu yoposa 200, onse ndi a Demospongiae. Nyanja ya Malawi ili ndi yakeyake, yotchedwa Malawispongia echinoides. Kumtsinje, madzi akaphwa m'mwezi wa Okutobala, tembenuzani mwala umene unali womira. Mukapeza chokhakhala chotuwa chitamatirira pansi pake, chonyenyeka mukachipikisa ndi chala, yang'anitsitsani: mungaone timibulu tachikasu, ta pafupifupi theka la milimita. Timeneto ndi maselo amoyo otsekeredwa m'chigoba cholimba. Siponji yeniyeniyo yafa ndi chilimwe, koma timibuluto timadikira mvula, madzi akabwerera n'kutulutsa siponji yatsopano. Dziwaninso kuti mankhwala a khansa ya m'magazi otchedwa cytarabine, amene anavomerezedwa mu 1969, anapangidwa potengera zimene akatswiri anapeza m'siponji ya ku Caribbean.

A Cnidaria ndi nkhani ina. Muno muli jellyfish (nyama zoterera zonga ambulera zosambira m'madzi), makorali, ma sea anemone (ooneka ngati maluwa omatirira pamiyala ya m'nyanja) ndi kanyama kotchedwa hydra, mitundu yoposa 10,000. Nawonso alibe mutu kapena ubongo, koma ali ndi zimene siponji ilibe. Maselo awo anayalana m'zikopa ziwiri zenizeni, chakunja ndi cham'kati, pakati pali zoterera zonga phala. Ali ndi mimba ya khomo limodzi, chakudya chimalowera pomwepo, zotsala zimatulukira pomwepo. Ali ndi mitsempha yolukana thupi lonse, ndiye amamva akakhudzidwa ndipo amadzikhwinyata. Thupi limabwera m'maonekedwe awiri: lomatirira pansi pakamwa pali kumwamba, kapena losambira pakamwa pali pansi. Mitundu yambiri imadutsa m'maonekedwe onse awiri pa moyo wake.

Chizindikiro chawo chenicheni ndi mbola. M'timanja tozungulira pakamwa muli maselo okhala ndi kathumba, ndipo m'kathumbamo muli kaulusi kopindikira m'kati ngati sokosi yovulidwa mothamanga. Chinthu chikakhudza, kaulusiko kamatembenukira kunja mwamphamvu, n'kuboola khungu ndi kuthira ululu. Gawo loyamba la kuphulika kumeneku limachitika m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, ndipo ndi kumodzi mwa kuyenda kofulumira kwambiri kodziwika pa zamoyo zonse. Selo likawombera kamodzi latha ntchito, thupi limapanga lina. Izi zili ndi phindu kwa inu amene mumapita ndi ana kugombe ku Durban pa Khirisimasi. Kathumba kabuluu kamene mafunde amataya pamchenga, kotchedwa bluebottle, kamalumabe ngakhale katafa. Mwana akalumidwa musapikise pamalopo. Tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, chotsani tizingwe totsalira, kenako viikani m'madzi otentha amene khungu lingapirire.

Magulu ake akuluakulu ndi awa. Anthozoa, makorali ndi ma sea anemone, sakhala konse ndi maonekedwe osambira aja. Makorali omanga matanthwe, monga a ku Bazaruto ku Mozambique, amasunga ndere m'thupi mwawo zimene zimawapatsa chakudya, ndipo madzi akatentha mopitirira amazitulutsa n'kuyera mbee, monga zinachitikira kwambiri m'nyanja ya Indian mu 1998. Scyphozoa ndi jellyfish zikuluzikulu. Cubozoa ndi za thupi la makona anayi ndi maso 24, zina za ku Australia zimapha munthu. Palinso kagulu kakang'ono ka Staurozoa. Koma a m'madzi athu, jellyfish ya ku Kariba ndi hydra, ndi a Hydrozoa.

Mu 1893 kunafotokozedwa jellyfish ya m'nyanja ya Tanganyika, Limnocnida tanganjicae, yoonekera mkati, yosapitirira masentimita 3 m'lifupi. Mu 1912 C. L. Boulenger anafotokoza ina yopezeka m'dziko lino n'kuitcha Limnocnida rhodesiae, ndipo lero akatswiri ambiri amati ndi mtundu womwewo. Imapezeka ku Kariba. Imaoneka yochuluka nyengo ina kenako n'kusowa, chifukwa nthawi yambiri imakhala ngati kanthu kakang'ono komatirira pansi pa madzi, kosaoneka ndi maso a munthu wodutsa.

Hydra ndiye mungamupeze osapita kutali. Tungani madzi a padambo kapena padamu laling'ono pamodzi ndi zomera zake, muike m'botolo loyera pawindo, musaligwedeze usiku wonse. M'mawa yang'anani m'mbali mwa botolo. Mukachita mwayi muona kaulusi kobiriwira kapena kofiirira, kosakwana sentimita imodzi, timanja tili lende. Gogodani botolo, kadzikhwinyata kukhala kadontho. Dikirani pang'ono, katambasukanso. Nthawi zina pambali pake pamatuluka kamphukira, ameneyo ndi mwana, adzathothoka n'kukhala payekha. Ndi kanyama kameneka kamene Abraham Trembley anadula m'zidutswa, chidutswa chilichonse n'kukula kukhala hydra yathunthu, zimene anasindikiza mu 1744.

Mu 1847 Rudolf Leuckart anatchula gulu la Coelenterata, ndipo kwa nthawi ndithu masiponji ndi a Cnidaria ankaponyedwa momwemo pamodzi ndi nyama zina zoterera zotchedwa Ctenophora. Lero ndi magulu atatu osiyana, ndipo kusiyanitsako ndimakuona koyenera, pakuti kufanana kwa maonekedwe kunabisa kusiyana kwakukulu kwa kamangidwe ka thupi. Ntchito ya kugawa sinathe. Kuyeza DNA kunasonyeza kuti Myxozoa, tizilombo tating'onoting'ono todwalitsa nsomba timene kale tinkayesedwa ta selo limodzi, ndi a Cnidaria amene anachepa thupi chifukwa chokhala m'matupi a nyama zina. Ndipo kuyambira mu 2008 akatswiri akutsutsanabe ngati nthambi yoyamba kupatuka pa nyama zonse inali ya masiponji kapena ya Ctenophora.