Mkangano wa malo a asilikali opuma ku Los Angeles

Mu 1888, mayi wina wachuma, Arcadia Bandini de Baker, pamodzi ndi phungu John P. Jones, anapereka maekala 300 kumadzulo kwa mzinda wa Los Angeles ku boma la United States. Chikalata chawo sichinapite m'mbali: pamalopo pamangidwe mudzi wokhalitsa wa asilikali olumala, omwe panthawiyo ambiri anali otsala a nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo. Kwa zaka zoposa 80 lonjezoli linasungidwa, ndipo anthu zikwizikwi anakhalapo, ali ndi minda, chipatala ndi tchalitchi chimodzi chogawidwa pakati, mbali ina ya Akatolika, ina ya Apulotesitanti.

Zinthu zinatembenuka chitachitika chivomezi cha mu 1971 ku San Fernando, chomwe chinagwetsa chipatala china cha asilikali. Okhala pamudzipo anasamutsidwa, nyumba zogonamo zinatsala zapululu, ndipo izi zinachitika pomwe anyamata ochokera kunkhondo ya ku Vietnam ankabwerera ovulala m'thupi ndi m'maganizo. M'malo motsegulanso nyumbazo, unduna woona za asilikali opuma, wodziwika kuti VA, unayamba kubwereketsa zigawo za malowo kwa ena. Yunivesite ya UCLA inakhala ndi bwalo lake la baseball pamenepo, sukulu ya ana a olemera ya Brentwood inamangapo mabwalo a masewera, ndipo mpaka kampani yokumba mafuta inapezapo danga.

Asilikali opuma osowa pokhala anakasumira unduna wa VA kukhoti mu 2011. Mbali ziwirizi zinagwirizana mu 2015, ndipo chaka chotsatira boma linalonjeza nyumba 1,200, koma ntchito inayenda pang'onopang'ono kwambiri. Thandizo la lendi la HUD-VASH, loperekedwa ndi boma kwa asilikali opuma osowa pokhala, lomwe linayamba mu 1992 n'kukulitsidwa mu 2008, lachotsa ambiri m'misewu m'dzikolo, komabe mumzinda wa lendi yokwera ngati uwu, kukhala ndi chikalata cha thandizo sikutanthauza kuti wapeza mwininyumba wokulandira. N'chifukwa chake mpaka mu November 2021, kunja kwa mpanda weniweniwo, mumsewu wa San Vicente, kunali mzere wa matenti okoloweka mbendera za dzikolo, womwe anthu ankautcha Veterans Row.

Pamlandu wachiwiri, mu September 2024, woweruza David O. Carter anagamula kuti mapangano ena obwereketsa malowo anali osavomerezeka, ndipo analamula kuti pamangidwe nyumba zina zokhalitsa 1,800 ndi zongoyembekezera 750. Boma linachita apilo.