Mtengo wa kumquat ukabereka mopitirira, timalalanje take musatitaye

Mwezi wa Juni ukafika, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za ndowa zodzaza timalalanje tating'ono ngati dzira la nkhunda. Ambiri amene amatumiza ndi abale athu ogwira ntchito m'makomo ndi m'magadeni a ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town. Funso limakhala lomwelo: kodi timeneti timadyedwa? Ena amati abwana awauza kuti asese pansi pa mtengo n'kukataya. Ine ntchito yanga ndi yophika komanso kuphunzitsa anthu kusunga zakudya m'mabotolo, ndipo zimandipweteka mtima kumva kuti zipatso zabwino chotere zikupita kudzala.

Chipatsochi dzina lake ndi kumquat. Kwawo ndi kum'mwera kwa China, ndipo dzinali linachokera ku chiyankhulo cha Cantonese, kutanthauza lalanje lagolide. Robert Fortune, katswiri wa zomera wa ku Scotland, ndi amene anatengera mtengowu ku London mu 1846, ndipo kuchokera pamenepo unafalikira m'magadeni a mayiko ambiri. Mtengo wake sukula kwambiri, komanso umapirira chisanu kuposa malalanje ndi mandimu. N'chifukwa chake umachita bwino ngakhale ku Johannesburg kumene udzu umayera ndi chisanu m'mawa wa mu Julayi. Mtundu wofala m'makomo ndi wa Nagami, wa zipatso zosongokera ngati dzira. Palinso Marumi ndi Meiwa, ya zipatso zozungulira, ndipo Meiwa ndi wotsekemera kuposa inzake.

Chimene chimasokoneza anthu athu ndi chakuti timayesa kudya kumquat ngati nachesi. Munthu amasenda khoko, kutaya, n'kuponya m'kamwa zam'kati, kenako nkhope yonse kukwinya. Apo ndiye kuti wataya chotsekemera n'kutsala ndi chowawasa. Kumquat anatembenuka: shuga ndi fungo lokoma zili m'khoko, pomwe madzi am'kati ndi owawasa ngati ndimu. Mumatsuka, kumufikisa pang'ono pakati pa zala kuti mafuta a m'khoko atuluke, n'kutafuna yense. Pa magalamu 100 aliwonse pamakhala vitamini C pafupifupi mamiligalamu 44. Komabe palibe amene angamalize ndowa yonse pongotafuna, ndipo zipatsozi zikathyoledwa sizidutsa masabata awiri kapena atatu mufiriji zisanayambe kufewa. Apa ndi pamene chutney amalowera.

Amene mwakhalitsa ku Joni mumamudziwa chutney, mwina kudzera m'botolo la Mrs Ball's limene silisowa pamene anthu akuwotcha nyama. Mawuwa anachokera ku India, ndipo ku Cape amamutchanso blatjang. Kwathu chimene chimayandikira ndi achar wa mango, koma ziwirizi zimasiyana. Achar amadalira mafuta, mchere ndi tsabola, pomwe chutney amaphikidwa nthawi yaitali ndi viniga ndi shuga mpaka atalimba ngati jamu. Kumquat amayenera bwino ntchitoyi chifukwa amabwera ndi zonse: kuwawasa, kutsekemera, kakuwawa pang'ono ka khoko kamene kamadula mafuta a nyama, komanso pectin, chinthu cha m'njere ndi m'khoko chimene chimagwiritsa jamu kuti asakhale madzimadzi.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Pa kilogalamu imodzi ya kumquat ndimaika anyezi awiri akuluakulu, shuga wabulauni magalamu 400, viniga mamililita 400, jinja wamkulu ngati chala chachikulu, adyo tizidutswa tinayi, mchere matiyisupuni awiri, njere za mpiru supuni imodzi yaikulu, ndi tsabola. Mukapeza kambuzi, mmodzi kapena awiri akwana, ndipo fungo lake limagwirizana kwambiri ndi la khoko la kumquat. Mphesa zouma zodzaza dzanja mutha kuwonjezera ngati zilipo.

Ntchito yotopetsa ndi yochotsa njere, ndipo palibe njira yachidule. Dulani chipatso chilichonse pakati mopingasa, kolowolani njere ndi nsonga ya mpeni, kenako dulaninso pawiri kapena patatu. Kilogalamu imodzi imadya pafupifupi theka la ola. Khalani pansi, itanani wina akuthandizeni, monga momwe timachitira potongola chimanga. Njere zikatsalira zambiri chutney amawawa. Zipatso zimene zinagwa pansi n'kuphulika, zofewa kwambiri kapena zoyamba chuku, zichotseni. Kuphika sikukonza chipatso chowola.

Poto wake asakhale wa aluminiyamu. Ndikudziwa kuti masefuliya ambiri amene tili nawo ndi amenewo, koma viniga ndi madzi owawasa a chipatso zimadya chitsulo chimenechi, ndipo chutney amatuluka wotuwa, akumveka chitsulo m'kamwa. Pezani poto wa stainless steel kapena wa enamel wosabenthuka, wotambalala kuti nthunzi izituluka bwino. Yambani ndi kumquat, anyezi, jinja, adyo, tsabola, njere za mpiru, mchere ndi viniga, popanda shuga. Ziwire pamoto wochepa kwa mphindi 20 mpaka khoko litafewa moti mutha kulitswanya ndi supuni. Shuga abwere pambuyo pake. Chifukwa chake n'chakuti shuga amakoka madzi m'khoko, ndiye mukamuthira khoko lisanafewe limalimba ngati chikopa ndipo silidzafewanso ngakhale mutaphika tsiku lonse. Ambiri amene amandidandaulira kuti chutney wawo ngwolimba amakhala kuti anathira zonse nthawi imodzi.

Shuga akasungunuka, pitirizani kuphika osavundikira kwa mphindi 30 mpaka 40. Chakumapeto musachoke pamoto, muzitakasa pafupipafupi chifukwa amapserera msanga. Kuti mudziwe kuti wapsa, kokani mthiko pansi pa poto kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Kanjira kamene mthiko wasiya kakakhala kanthawi kasanatsekeke, ndipo m'kanjirako musakuyenderera madzi a viniga, tsitsani.

Pali chinthu chimodzi chimene sindilola kuti wophunzira wanga asinthe, ndicho muyeso wa viniga. Mukalawa chutney ali pamoto, viniga amaluma mphuno, ndiye mtima umafuna kuti ulendo wina mudzachepetse. Musatero. Chimene chimasunga chutney miyezi yambiri kunja kwa firiji ndi kuwawasa kwake pamodzi ndi shuga. Kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene poizoni wake amapha, kamakonda malo opanda mpweya ngati m'botolo lotseka, koma sikakula m'chakudya chowawasa kwambiri, chimene pH yake (muyeso wa kuwawasa) ili pansi pa 4.6. Kumquat payekha ndi wowawasa mokwanira, koma anyezi, adyo ndi jinja sizowawasa, ndipo viniga ndi amene amazibweretsa pamalo otetezeka. Onani pabotolo la viniga kuti palembedwa 5%, umene ndi muyeso wa mphamvu yake. Tsabola, jinja ndi zonunkhiritsa zina sinthani momwe mukufunira, koma musachulukitse anyezi kapena kuchepetsa viniga. Ndili wachinyamata pantchitoyi ndinachepetsapo viniga ndi shuga pamphika wa mabotolo khumi chifukwa kasitomala anafuna chutney wosaluma. Pasanathe mwezi pamwamba panamera chuku, ndipo ndinataya onse. Kuluma kwa vinigako kumatha kokha. Botolo likakhala mwezi umodzi losatsegulidwa, zonse zimalowererana ndipo kakomedwe kake kamakhala kofatsa.

Mabotolo akhale agalasi. A jamu kapena a mayonesi akale ali bwino malinga alibe mng'alu pakamwa, koma zivundikiro zikhale zopanda dzimbiri komanso zokutidwa m'kati, chifukwa viniga amadya chitsulo chosakutidwa. Atsukeni ndi sopo, awiritseni m'madzi kwa mphindi 10, ndipo muthiremo chutney onse awiri akadali otentha, kuti galasi lisasweke. Siyani mpata wa sentimita imodzi pamwamba, pukutani pakamwa pa botolo ndi kansalu koyera, tsekani. Ngati mukufuna kusunga miyezi yambiri, imikani mabotolo otsekawo m'poto wamkulu, pansi mutayala kansalu, madzi amize zivundikiro, awire kwa mphindi 10. Ku Johannesburg onjezerani kufika mphindi 20, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo madzi kumeneko amawira pa 94°C, osati pa 100°C ngati ku Cape Town. Akazizira, dinani pakati pa chivundikiro. Chikamalira n'kubwerera ndiye kuti sichinagwire, botolo limenelo liikeni mufiriji mulidye koyamba. Lembani tsiku pabotolo lililonse, sungani pamalo ozizira opanda dzuwa, ndipo mudye chaka chisanathe. Lotsegulidwa likhale mufiriji, mwezi umodzi lithe.

Chutney ameneyu amakoma ndi nyama ya nkhumba, bakha, nkhuku yowotcha, mpunga wothira kale (curry) komanso pa buledi ndi tchizi. Ine ndimaika supuni imodzi pambali pa nsima ndi nyama yokazinga, pamalo pomwe ndikanaika achar.

Ndowa ikakhala kuti sinathe, pangani jamu wa makoko amene azungu amati marmalade. Apa njere zija musataye. Zimangeni m'kansalu koyera, muziike m'poto limodzi ndi kumquat woduladula mopyapyala ndi lita imodzi ya madzi pa kilogalamu iliyonse, zigone usiku wonse. M'mawa wiritsani mpaka makoko atafewa, finyani kansalu kaja kuti pectin atsalire m'poto, kenako thirani shuga magalamu 800 ndi madzi a ndimu imodzi, n'kuwonjezera moto. Mabuku ambiri amati jamu amagwira pa 105°C, ndipo zimenezi n'zoona kwa amene ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumalo okwera amagwira msanga, ku Johannesburg cha pa 98 kapena 99°C, ndipo amene amadikira 105 amapeza jamu wolimba ngati switi. N'chifukwa chake ndimakhulupirira mbale kuposa chipangizo choyezera kutentha. Ikani kambale mufiriji kazizire, donthezanipo jamu pang'ono, dikirani mphindi imodzi, mukankhe ndi chala. Pamwamba pakachita makwinya, wapsa.

Ku South Africa amakondanso konfyt, zipatso zathunthu zophikidwa m'madzi a shuga mpaka zitawala ngati galasi. Chinsinsi chake ndi singano: boolani chipatso chilichonse kangapo musanaphike, apo ayi chimaphulika kapena kufota. Pachilumba cha Corfu ku Greece kumquat amamupangira mowa wotsekemera umene alendo amagula kwambiri. Pa chakudya cha tsiku lomwelo, dulani kumquat pakati, muwamwaze m'chiwaya pansi pa nkhuku pamodzi ndi anyezi, muwotche mu uvuni. Madzi ake amasakanikirana ndi mafuta a nkhuku n'kukhala msuzi wokoma, ndipo khoko limapsa mpaka kudyeka. Pansomba, tizidutswa topyapyala timagwira ntchito ya ndimu. Ngati nthawi mulibe n'komwe, tsukani, chotsani njere, ikani m'pepala la pulasitiki mufiriji youmitsa. Akasungunuka amakhala ofewa, osayenera kutafuna osaphika, koma pa chutney ndi jamu palibe chimene chimasintha.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya kwawo kwenikweni kwa chipatsochi. Ku Hong Kong ndi ku Guangdong mitengo ya timalalanje ta mtunduwu imaikidwa m'miphika pakhomo pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Chichaina ngati chizindikiro cha mwayi, ndipo ku Vietnam amachitanso chimodzimodzi pa chikondwerero cha Tet. Mabanja a Chicantonese amasunga kumquat mumchere, osaphika, osaika shuga. Amatsuka, kuyanika mpaka madzi onse atauma pakhoko, kenako m'botolo amayala mchere, zipatso, mchere, zipatso, mpaka pamwamba patakwiririka ndi mchere. Pakapita masabata angapo mchere umakoka madzi a zipatso, ndipo m'miyezi yotsatira zimafota n'kuderako mpaka kukhala zabulauni. Botolo loterolo limakhala zaka. Munthu pakhosi pakamakanda, amatenga chipatso chimodzi kapena ziwiri, kuziphwanya m'kapu ndi supuni, kuthira madzi otentha ndi uchi. Zimafewetsa pakhosi monga momwe ndimu ndi uchi zimachitira kwathu, koma chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ndi kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, pitani kuchipatala akakuyezeni TB. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi, ndipo amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi musapitirize muyeso chifukwa mcherewo ngwambiri.

Ngati mukuyika mumchere zipatso za mitengo ya pagadeni yokongoletsera, yambani mwafunsa ngati inapoperedwa mankhwala ophera tizilombo, ndi liti, popeza khoko ndi limene mukudya. Gwiritsani mchere wamiyala, botolo likhale louma bwino, ndipo pakati pa galasi ndi chivundikiro chachitsulo ikanipo pepala la pulasitiki kuti mchere usachidye. M'masabata oyamba muzilitembenuza botololo kamodzi pa masiku angapo kuti madzi amchere afike chipatso chilichonse.