Chaka cha 1986 ndi Funso la Chimene Chimaletsa Nkhondo

Pa 4 Okutobala, pamene Mozambique akukumbukira mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome mu 1992 ndi kuthetsa nkhondo ya pachiweniweni, mkangano wa anthu ophunzira umadzukanso: kodi chimene chimaletsa mayiko kumenyana ndi demokalase kapena malonda? Michael Doyle analemba mu 1983 kuti mayiko a demokalase samenyana okhaokha, koma mu 2007 Erik Gartzke anati chimabweza nkhondo ndi misika komanso chuma cholumikizana. Ife a ku Angónia ndi Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, tingayese mfundo zimenezi ndi chaka cha 1986.

Pa nthawiyo ku Malawi kunali chipani chimodzi cha Kamuzu Banda, kuno kunali Frelimo yokha. Boma la Samora Machel linkanena kuti Renamo, gulu limene linkamenyana ndi bomalo, ikubisala ku Malawi. Mu Seputembala, Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anakakumana ndi Banda ku Blantyre, ndipo atabwerera kwawo Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kutchera mizinga m'mbali mwake. Boma la Malawi linakana mlanduwo, ndipo mpaka lero olemba mbiri sagwirizana pa kukula kwa thandizo limene Renamo inkalandira kumeneko, ngakhale kuti okhala m'malire ankaona okha anthu amfuti akuwoloka. Machel anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ku South Africa, pa 19 Okutobala, mitima inatentha, komabe mu Disembala mayiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anayamba kulondera njanji ya Nacala.

Apa panalibe voti imene inabweza mizinga. Malawi alibe doko, ndipo njira zake zazifupi za ku Beira ndi Nacala zitafa, katundu ankazungulira ku Durban pa mtengo wowawa. Ndiona kuti njanji ndiyo inalankhula mokweza.

Koma a mfundo ya malonda asafulumire kusangalala, chifukwa Tete yomweyi imawatsutsa. South Africa ndiye ankagula magetsi a damu la Cahora Bassa, komabe ankathandiza Renamo imene inagwetsa nsanja zonyamula mawaya mazanamazana, mpaka magetsiwo anasiya kuyenda kwa zaka zambiri.

Zisankho za zipani zambiri zinafika m'mayiko onse awiri mu 1994, nkhondo itatha kale. Pofika nthawiyo anthu oposa miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo m'maboma a Dedza ndi Ntcheu ambiri anayamba kulandiridwa ndi abale awo olankhula chinenero chimodzi, amene anawagawira minda ndi chakudya mabungwe achithandizo asanafike. Doyle ndi Gartzke onse awiri sawerengera anthu amenewo m'mfundo zawo.