Bwinja la Saint-Jean pa doko la Marseille

Mu Januwale chaka chilichonse, alendo odzaona malo atachepa ndipo mphepo yozizira ya mistral ikuomba pa doko lakale la Marseille, kumwera kwa France, nkhalamba zingapo ndi ana awo amasonkhana kukumbukira mudzi umene kulibenso. Nkhalambazi zinali tiana mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene anthu a mudziwo anasamutsidwa mokakamiza ndipo nyumba zawo zinaphulitsidwa. Mu 2023, patakwana zaka 80, mwambowu unakula ndipo meya wa mzindawu, Benoît Payan, anautsogolera. Koma chimene anthuwa akufuna si nkhata za maluwa zokha. Mu Januwale 2019 loya Pascal Luongo anakasuma m'malo mwa opulumuka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho oimira boma pa milandu ku Paris anatsegula kafukufuku woona ngati zimene zinachitika pa 24 Januwale 1943 zili mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Kwathu timati mlandu suola. Malamulo a ku France amavomereza mawu amenewa pa milandu ya mtundu uwu wokha. Ina yonse imatha ndi zaka.

Mukafika ku Marseille aliyense amakuuzani kuti muyambire ku Vieux-Port, doko lakale lija, ndipo sanama. M'mawa asodzi amayala nsomba pa timatebulo kumutu kwa doko, zina zikuphiriphithabe, pafupi ndi denga lonyezimira ngati galasi limene katswiri wa zomangamanga Norman Foster anakonza mu 2013. Mukakweza maso chakumwera mumaona Notre-Dame de la Garde pamwamba pa phiri, tchalitchi chimene eni mzinda amangochitcha la Bonne Mère, Mayi Wabwino. Pa doko lomweli mumakwera boti lopita ku Château d'If, ndende ya pachilumba imene mlembi wa mabuku Alexandre Dumas anaitchukitsa, kapena ku Calanques, timagombe tobisika pakati pa matanthwe oyera, kumene anthu anachuluka mpaka kuyambira mu 2022 gombe la Sugiton limalandira anthu 400 okha pa tsiku m'masiku otentha, olembetseratu. Zonsezi n'zokongola ndithu.

Koma tatembenukirani kumpoto kwa dokolo. Agiriki ochokera ku Phocaea anakocheza ngalawa zawo mbali imeneyi cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, ndipo mzinda wakale kuposa yonse ku France unayambira pomwepo. Nanga bwanji nyumba za mbali yakale chonchi n'zatsopano, zofanana msinkhu, zondandalikana ngati asilikali pa perete, zokhala ndi makhonde ataliatali momwe alendo amadyeramo msuzi wa nsomba wotchedwa bouillabaisse? Anazimanga katswiri wa zomangamanga Fernand Pouillon ndi anzake m'zaka za m'ma 1950. Anazimanga pa bwinja.

Mudzi umene unali pamenepo unkatchedwa Saint-Jean. Munali timisewu topapatiza totsetsereka kupita kumadzi, zovala zitayanikidwa pa zingwe kuchoka pa windo lina kufika pa lina. Munkakhala asodzi, amalinyero, onyamula katundu pa doko ndi amayi ogulitsa nsomba. Ambiri anali ochokera ku Italy, makamaka chigawo cha Naples, moti ena ankangoti ndi Naples wamng'ono, koma munalinso a ku Corsica, Agiriki, a ku Spain, a ku Armenia, ndi anthu a ku Africa ogwira ntchito m'sitima za pamadzi. Kunali umphawi, kunali uve, ndipo misewu ina inali yodziwika ndi nyumba za mahule. Zimenezi palibe akuzibisa, ngakhale opulumuka amene. Chimene amakana n'chakuti anthu 20,000 onse anali zigawenga.

Akuluakulu a mzinda anali atayamba kale kuuyang'ana mudziwu ndi diso lofiira. Moto utapha anthu 73 m'sitolo ya Nouvelles Galeries mu Okutobala 1938, boma linalanda Marseille mphamvu zodzilamulira, n'kuika mzinda m'manja mwa munthu wosankhidwa ku likulu. Choncho tsoka litafika, panalibe meya wovoteredwa woti n'kulankhulira anthu ake. Katswiri wa mapulani Eugène Beaudouin anali atajambula kale pulani yogumula mbali yaikulu ya mudziwu. Ndipo mu Okutobala 1942 Louis Gillet, wa ku bungwe la alembi otchuka la Académie française, analemba m'magazini ya mzinda momwemo kuti malowa ndi ngalande ya zonyansa momwe thovu lonse la nyanja ya Mediterranean limaunjikana. Apa n'kuti msilikali wa Germany asanaponde mumzindamo.

Anaponda pa 12 Novembala 1942, patangopita masiku anayi asilikali a Britain ndi America atatsikira kumpoto kwa Africa. Ajeremani ankaopa timisewu tija. Ankadziwa kuti mumabisala othawa usilikali, Ayuda ofuna sitima yotulukira ku Ulaya, ndi omenyera ufulu mobisa, ndiponso kuti adani akadzatsikira pa doko, nkhondo ya m'timisewu totere idzawavuta. Pa 3 Januwale 1943 mabomba anaphulika ku Hôtel Splendide ndi pa nyumba ina ya mahule yomwe asilikali awo ankapitako. Nkhani inafika ku Berlin, ndipo Heinrich Himmler, mkulu wa gulu loopsa la chipani cha Nazi lotchedwa SS, analamula kuti mudziwo uphulitsidwe komanso kuti anthu pafupifupi 100,000 amangidwe n'kutumizidwa ku Germany.

Kwa ine, pamene zinthu zinakhotera si pa mabombawo ayi, koma pa zokambirana za pakati pa mwezi womwewo, pa 13 ndi 14 Januwale, mu Marseille momwemo. Mbali ina kunali Carl Oberg, mkulu wa SS ndi apolisi a Germany ku France, amene ankati mzindawu ndi chilonda chonyeka cha Ulaya. Mbali inayo kunali René Bousquet, mkulu wa apolisi a boma la Vichy, boma la France limene linkagwirizana ndi Ajeremani, bambo wa zaka 33 zokha, pamodzi ndi akuluakulu a chigawo monga Antoine Lemoine. Bousquet sanakane ntchitoyo. Chimene anapempha n'chakuti aigwire apolisi a France okhaokha, kuti zioneke kuti boma la France likadali ndi mphamvu m'dziko lake. Chiwerengero cha Himmler chinatsitsidwa, koma posinthana ndi zimenezo kusaka anthu kunafalikira m'madera ena a mzinda, osati ku Saint-Jean kokha. Apolisi pafupifupi 12,000 anaitanidwa kuchokera ku Paris, ku Lyon ndi madera ena. Nkhanga zinapangana kusanache.

Usiku wa Lachisanu pa 22 Januwale anayamba ndi dera la Opéra, kumene kunkakhala mabanja ambiri a Chiyuda, kufupi ndi sunagoge wa mu rue Breteuil. Linali Sabata, anthu ali m'nyumba. Apolisi anatenga akatswiri okonza maloko kuti azitsegula zitseko za amene sakuyankha. M'masiku awiri anafufuza ziphaso za anthu pafupifupi 40,000 n'kumanga pafupifupi 6,000. Ambiri anamasulidwa, koma m'mawa wa pa 24 Januwale anthu 1,642 analongedwa m'mabogi onyamulira ziweto pa siteshoni ya Arenc kupita ku msasa wa akaidi wa ku Compiègne, kumpoto kwa Paris. Mwa iwo 782 anali Ayuda. Ayudawa anadutsira ku msasa wa Drancy, pafupi ndi Paris, ndipo kumapeto kwa Malichi anatumizidwa ku msasa wopherako anthu wa Sobibor, ku Poland, kumene pafupifupi onse anaphedwa.

Pali chithunzi china cha pa 23 Januwale chimene ndimalephera kuchichotsa m'maso. Anachijambula ndi wojambula wa asilikali a Germany mu holo ya mzinda, nyumba yomwe ija alendo amaijambula lero pa doko. Bousquet waima pakati pa akuluakulu, mkulu wa SS ali pambali, iye wavala chikhoti cha kolala ya ubweya, ndudu ili m'manja, akumwetulira. Kuseri kwa khoma la nyumbayo, anthu a ku Saint-Jean anali ndi usiku umodzi wokha wogona m'nyumba zawo, ndipo sankadziwa.

Lamlungu pa 24, kusanache bwinobwino, mudzi wonse unali utazingidwa. Magalimoto a zokuzira mawu anayenda m'misewu kulengeza kuti aliyense atuluke ndi katundu wosapitirira makilogalamu 30. Taganizani mayi wa ana asanu akusankha pakati pa bulangete, mphika ndi chithunzi cha ukwati, kunja kukuzizira, wapolisi ali pakhomo. Anthu anatsikira ku doko ndi mitolo, nkhalamba zitanyamulidwa, n'kukwezedwa m'matiramu opita ku Arenc. Amene anali ndi abale kwina mumzinda ena analoledwa kupita kumeneko. Otsalawo anawatengera ku Fréjus, ku misasa yakale ya asilikali a m'maiko olamulidwa ndi France, momwe asilikali ochokera kumadzulo kwa Africa ankakhala kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Apa mabuku amasiyana: ena amati anapita kumeneko ndi 12,000, ena amati 15,000. Kusiyanaku sikundidabwitsa, chifukwa owerengawo anali omwewo osamutsa anthu, ndipo anali pa changu. Ku Fréjus anthu anagona pa udzu m'zinyumba zozizira kwa masiku angapo, akupetedwa mmodzimmodzi. Pafupifupi 800 anapatulidwa n'kutumizidwa ku Compiègne, ndipo ambiri mwa iwo anakathera ku msasa wachibalo wa Sachsenhausen, ku Germany. Ena onse anauzidwa kuti azipita. Kupita kuti, poti kwawo kunali kotsekedwa?

Pa 1 Febuluwale asilikali a Germany anayamba kuphulitsa. Kwa masabata awiri ndi masiku angapo mzinda unkagwedezeka, fumbi lili kobo pamwamba pa doko. Nyumba pafupifupi 1,500 zinagwa pa malo a mahekitala 14, kukula kwake ngati mabwalo a mpira 20. Anasiyako zochepa zimene akatswiri anati n'zamtengo wapatali pa mbiri: holo ya mzinda, Maison Diamantée ya khoma la miyala yosongoka, Hôtel de Cabre, ndi tchalitchi cha asodzi cha Saint-Laurent. Miyala inapeza oilankhulira. Malire a kugumulaku anali msewu wa rue Caisserie, n'chifukwa chake Le Panier, dera limene lili kumtunda kwake ndipo lero ladzaza timasitolo ta sopo ndi zojambulajambula, linapulumuka. Mlendo akamayenda m'timisewu ta Le Panier n'kumati waona Marseille wakale, waona chotsalira chabe.

Tsono mlandu ndi wa yani? Kuti lamulo linachokera ku Berlin ndipo ophulitsa anali Ajeremani, palibe amatsutsa. Mkangano uli pa mbali ya Afalansa. Bousquet ndi omuikira kumbuyo ankati akanakana, Ajeremani akanachita okha ndipo zikanaipa koposa, ndipo amaloza kusiyana kwa 100,000 a Himmler ndi chiwerengero cha amene anatengedwadi. Mfundoyi siyopanda pake. Koma Ajeremani analibe apolisi okwanira kufufuza anthu 40,000 khomo ndi khomo mumzinda umene sankaudziwa, ndipo Ayuda a ku Opéra anagwidwa ndi manja a Afalansa. Opulumuka ambiri akhala akukhulupiriranso kuti panali anthu a ndalama amene ankasirira malo a m'mbali mwa doko, ndipo nkhondo inangowapatsa mpata. Akatswiri a mbiri sagwirizana kuti pulani ya Beaudouin inalemera motani pa chigamulocho. Chimene chili poyera n'chakuti mawu a Oberg ndi mawu a Gillet amafanana ngati ana a mimba imodzi. Tiyeneranso kukumbukira kuti zithunzi zambiri za masiku amenewo anajambula ndi Ajeremani pofuna kuonetsa ntchito yaukhondo yoyenda mwadongosolo, pomwe mboni zimene zatsala zinali ana aang'ono panthawiyo. Ana amaiwala madeti, koma saiwala kuzizira ndi kulira kwa amayi awo, ndipo pa zimenezi ine ndimawakhulupirira iwowo.

Zotsatira zake n'zachidule. Mu Ogasiti 1944 Ajeremani anaphulitsa mlatho wotchuka wa pakamwa pa doko, ndipo asilikali a ku Algeria ndi ku Morocco a m'gulu la nkhondo la France anathandiza kumasula mzinda. A ku Algeria ndi amene anakwera phiri la Bonne Mère pa 25 Ogasiti, ndipo zipsera za zipolopolo zikuonekabe pa khoma la tchalitchicho. Oberg anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1954, koma anamasulidwa mu 1962. Bousquet anazengedwa mu 1949, n'kupatsidwa chilango chochepa chomwe chinafafanizidwa nthawi yomweyo, ndipo anakalemera m'ntchito za mabanki. Anadzatsegulidwanso mlandu mu 1991, koma munthu wina anamuwombera kunyumba kwake ku Paris pa 8 Juni 1993 mlanduwo usanazengedwe. Anthu a ku Saint-Jean anabalalikira m'madera ena, ndipo ochepa okha ndi amene anakwanitsa kubwerera m'nyumba zatsopano zija. Kwa zaka zambiri nkhani yawo inkangokambidwa m'mabanja.

Amene akufuna kuiona nkhaniyi ndi maso sayenera kupita kutali ndi njira ya alendo. M'munsi mwa Fort Saint-Jean, pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya MuCEM, muli Mémorial des déportations, malo okumbukira anthu amene anatengedwa kupita ku misasa, m'chinyumba cha konkire chimene Ajeremani omwewo anamanga. Chapakati pa nyumba zatsopano pali Musée des Docks romains, momwe muli mitsuko ikuluikulu ya Aroma imene inapezeka mu 1947 pokumba maziko pa bwinjalo. Kenako yendani mpaka pa Hôtel de Cabre, nyumba ya mu 1535. Pomanganso dera, inapezeka kuti yaima mopingasa msewu watsopano, ndiye mu 1954 anainyamula yathunthu, n'kuisuntha, n'kuitembenuza kuti igwirizane ndi Grand-Rue. Pa khoma lake pakadali dzina lakale losemedwa pa mwala, rue de la Bonneterie, koma khomalo tsopano likuyang'ana msewu wina.