Musandiuze kuti ndi Core i7, ndiuzeni nambala yake

Pafupifupi aliyense wofuna kalaputopu kotchipa koti azisewererapo magemu ndi kuonerapo mafilimu amafika ndi mawu omwewo: "Ndapeza Core i7 pamtengo wabwino." Ndikafunsa kuti i7 yake iti, yankho palibe. Zimenezi zanditopetsa, chifukwa ndalama zimene anthu akutaya pa stika ya Core i7 imene imamatidwa pa laputopu n'zambiri, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

Intel anayamba kugwiritsa ntchito dzina lakuti Core i7 mu 2008, ndipo analiika pa ma processor (ubongo wa kompyuta) osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi 15. Kugula laputopu potengera dzinali kuli ngati kugula Corolla osafunsa chaka chimene inapangidwa. Chofunika ndi nambala imene imabwera pambuyo pa kamzere. Pa i7-2620M, 2 woyambayo akutanthauza 2nd generation, kapena kuti m'badwo wachiwiri, ya mu 2011. Pa i5-8250U, ndi 8th generation. Kuyambira pa 10th muziwerenga manambala awiri oyamba, choncho i5-1135G7 ndi 11th.

Ine malire ndimaika pa 8th generation, ndipo zifukwa zilipo ziwiri. Mpaka 7th generation, ma processor a malaputopu opyapyala, aja okhala ndi U kumapeto, anali ndi ma core (timagawo togwira ntchito m'kati mwa processor) awiri okha, kaya ndi i5 kaya ndi i7. Mu 2017 Intel anawonjezera kufika pa anayi. N'chifukwa chake i5-8250U imaposa i7-7500U, ngakhale wogulitsa adzakutchajani zambiri pa i7 ija. Chachiwiri ndi Windows. Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imavomereza ma Intel oyambira pa 8th generation, kupatulapo ochepa kwambiri. Musapusitsidwe mukaona Windows 11 ikuyaka pa HP EliteBook 840 G3. Imeneyo ndi ya 6th generation, ndipo Windows yo wina wachita kuikakamiza. Kumbali ya AMD, kampani ina yopanga ma processor, yambirani pa Ryzen 5 3500U kupita m'mwamba.

Tsono ku magemu. Kalaputopu ka mainchesi 13 kapena 14 ka mtengo wotsika sikakhala ndi graphics card (chipangizo chojambula zithunzi za gemu pa sikirini) yapayokha. Graphics yake ili m'kati mwa processor momwemo ndipo imabwereka RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Apa ndi pamene ogulitsa ambiri amapusitsira anthu. Amatsegula Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa za m'kati mwa kompyuta, n'kukulozerani pamene palembedwa 4GB, n'kunena kuti "graphics ndi 4GB, FIFA iliyonse imalowa." Yang'anitsitsani mawu ali pambalipo. Ngati palembedwa Shared GPU memory, imeneyo ndi theka la RAM yanu yomweyo imene Windows yalola kuti ibwerekedwe. Palibe chimene mwawonjezeredwa. Pofunika kuona ndi pa Dedicated GPU memory, ndipo pa makompyuta oterewa mupezapo kanambala kakang'ono kapena osapezapo kanthu.

Sindikunena kuti simungasewere. Graphics ya Intel UHD 620, imene ili mu 8th generation, imanyamula bwinobwino GTA San Andreas, Need for Speed Most Wanted ya 2005, PES 2013, Minecraft, ndi Euro Truck Simulator 2 mukatsitsa ma settings. GTA V imayenda mokakamira pa 720p, zonse mutazitsitsa mpaka pansi. Mukakwanitsa kufika pa Ryzen 5 4500U kapena 5500U, kapenanso i5-1135G7 yokhala ndi graphics ya Iris Xe, GTA V imaseweredwa munthu osapsa mtima. Koma ngati maso anu ali pa FIFA 23 ndi zotuluka pambuyo pake, iwalani za kalaputopu kakang'ono. A EA, eni ake a gemuyi, analemba kuti FIFA 23 imafuna graphics card yosachepera GTX 1050 Ti ndi malo okwana 100GB. Amene akukulonjezani kuti "aikonza kuti ilowe" akufuna ndalama yanu basi.

Popeza graphics imadalira RAM, mmene RAM yo yaikidwira n'kofunika kwambiri, ndipo pano ndi pamene ngakhale anthu odziwa makompyuta amaphonya. Timatabwa tiwiri ta RAM ta 4GB timathamangitsa gemu kuposa kamodzi ka 8GB, chifukwa processor imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Intel yemwe amanena kuti Iris Xe ikapatsidwa kathabwa kamodzi imagwira ntchito ngati UHD wamba. Ndiye munthu walipira mtengo wa 11th generation koma akusewera ngati ali ndi yakale. Mu Task Manager, pa Memory, pali mzere wa Slots used. Mukaona 1 of 2, dziwani kuti malo owonjezera alipo, ndipo kathabwa kachiwiri ndiyo ndalama yabwino kwambiri imene mungaike pa kompyutayo. Lenovo ThinkPad T480, Dell Latitude 5490 ndi HP EliteBook 840 G5 zonse zili ndi malo awiri, ndipo n'zimene ndimalozera anthu ambiri. Komabe onani nambala, chifukwa zina mwa izo zinatuluka ndi i5 ya 7th generation. ThinkPad X280 ndi yokongola, yopepuka, koma RAM yake anaiwotcherera pa bodi, thabwa lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale.

Ena amathawa za kaunjika n'kukagula yatsopano ya m'katoni. Ndikumvetsa, koma yatsopano ya mtengo umenewo nthawi zambiri imakhala ya processor yofooka ya Celeron N4020, RAM ya 4GB yowotcherera ndi malo osungira zinthu a 64GB eMMC. Windows yokha imadya gawo lalikulu la malowo. Kulemba ndi kuonera YouTube itha, magemu ayi. Za SSD, chosungira mafayilo chothamanga, sinditaya nazo nthawi: popanda SSD ya 256GB kapena kuposa, musagule.

Nkhani ya mavidiyo njosavuta. Kuyambira 7th generation, processor imatsegula yokha mafilimu a mtundu wa HEVC ndi mavidiyo a mtundu wa VP9 a pa YouTube popanda kutentha kwambiri, ndipo 11th generation inawonjezera AV1. Chimene chingakukhumudwitseni ndi sikirini. Zambiri zotchipa zili ndi 1366x768 ya mtundu wa TN, imene mitundu imasuluka mukangoweramitsa pang'ono. Funani 1920x1080 IPS. Tsegulani chithunzi, pendeketsani sikirini kutsogolo ndi kumbuyo. Nkhope zikada kapena kuyera, imeneyo ndi TN. Ngati mukufuna kumadula mavidiyo pa CapCut, konzekerani 16GB.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anali atangoyamba kumene koleji, ndipo mayi ake anakongola ndalama ku banki nkhonde kuti amugulire laputopu ya sukulu yoti azisewererapo mpira akapuma. Anamugulitsa i7 ya 3rd generation pamtengo umene akanapezera T480. Pamenepo anali ataluza kale, komabe kompyutayo ikanamutumikira. Posakhalitsa inayamba kuzima yokha gemu ikafika pakati. Fani inkalira, pansi pake pankaotcha, iye n'kumaiika pabedi pamwamba pa bulangete. Anapirira nazo miyezi. Kenako anapita kwa mmisiri wina amene anamuikira Windows yatsopano n'kumulipiritsa. Itazimanso, anamuikiranso ina. Ulendo wotsatira anaitsegula n'kuwomba bodi ndi heat gun, makina opemerera mpweya wotentha, akuti akudzutsa graphics. Pamene imafika m'manja mwanga, pulasitiki ya pa bodi inali itasungunuka ndipo tizipangizo tina titasuntha m'malo mwake. Nditachotsa fani ndinapeza fumbi litaumbana kutseka potulukira mpweya ponse, thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa processor, itauma gwa. Vuto lonse linali limenelo. Pa tsiku loyamba inali ntchito ya burashi ndi kachubu ka paste, yosafika ndi ola lomwe. Mayi aja anali akubwezabe ngongole pamene ndinkamuuza mwana wawo kuti bodi yapita.

Choncho ndikupemphani, laputopu ikayamba kuzima yokha pa gemu, kapena gemu ikamayamba bwino kenako n'kumadukiza pakapita mphindi zingapo, kumeneko ndi kutentha. Windows ilibe mlandu. Kalaputopu kopyapyala kali ndi fani imodzi yaing'ono, ndipo fumbi la kwathu kuno kuyambira August mpaka mvula itagwa, pamodzi ndi kutentha kwa October, sizikachitira chifundo. Muzisewera itakhala pa tebulo, kumbuyo mutaikweza pang'ono. Kamodzi pachaka itsukidwe m'kati. Mmisiri amene yankho lake pa vuto lililonse ndi kufomata, kapena amene watulutsa heat gun asanayeze n'komwe kuti processor ikutentha madigiri angati, mulandeni katundu wanu. Ndipo musanasiye kompyuta kwa aliyense, jambulani pa foni kukula kwa RAM ndi SSD iye akuona. Ndalandirapo makompyuta amene anapita kokonzetsa kiyibodi ali ndi 16GB n'kubwerako ndi 8GB.

Batire lotupa ndiye musalichedwetse ngakhale tsiku limodzi. Mukaona touchpad yatukuka kapena chivundikiro cha pansi chikukana kutsekeka, lekani kutchaja pomwepo. Musalikanikize, musaliboole, chifukwa batire la lithium likaboka limayaka moto. Kalichotsetseni, laputopu itha kumagwira ntchito ndi tchaja pamene mukusaka lina. Tchaja nayo ikhale yeniyeni, ya mawati amene alembedwa pansi pa kompyuta. Zija zopepuka za pamsika, ndi mmene magetsi amabwerera mwamphamvu akazima, zapsereza mabodi ambiri kuposa magemu. Magemu okopera pa flash nawonso samalani nawo. Amene akukuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivirus kuti gemu ilowe akukuuzani kuti mutsegulire chitseko chilichonse chimene chabisala m'menemo, pa kompyuta yomwe mumaloweranso ku banki ndi ku imelo.

Pa tsiku logula, musamvere za pa stika kapena pa chithunzi cha pa WhatsApp. Yatsani nokha. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, muwerenge dzina lonse la processor ndi za RAM. Tsegulani Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo mu Windows, lembani powercfg /batteryreport, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity; yachiwiriyo ikakhala pafupi ndi theka la yoyamba, batire latha ndipo mtengo utsike. Zimitsani, muyatsenso n'kulowa mu BIOS, ma settings amene mumalowamo Windows isanayake. Ikapempha pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, isiyeni, chifukwa makompyuta ambiri ochokera m'maofesi a kunja amabwera atakhomedwa ndipo kuchotsa loko ameneyo pa ThinkPad si masewera. Pomaliza ikanipo gemu imene mukufunayo, kapena vidiyo ya 1080p, iyende mphindi 20 tchaja ili kumagetsi, dzanja lanu lili potulukira mpweya. Risiti ilembedwe serial number ndi masiku amene mungaibweze. Wogulitsa akakana zimenezi, pitani pa shopu ina.