Chipolopolo cha .45 Colt chimalowa m'chifefe cha .410, koma musachiombe

Anthu amene ali ndi chifefe (mfuti yoomba njere za mtovu) chaching'ono cha .410 amakonda kufunsa ngati angaombemo chipolopolo cha mfuti ya m'manja, makamaka cha .45 Colt. Amafunsa chifukwa ayesapo kuchiika, ndipo m'mfuti zambiri chimalowa bwinobwino, mfuti n'kutsekeka. Yankho langa ndi lakuti ayi, musatero, pokhapokha ngati pampope wa mfutiyo anadindapo kuti imalandira mitundu yonse iwiri.

Vuto lili pa kukula kwa mpope. Nambala ya .410 ikunena kukula kwa bowo la mpope, lomwe ndi mainchi 0.410, kapena mamilimita 10.4. Mutu wa chipolopolo cha .45 Colt ndi mainchi 0.452, pafupifupi mamilimita 11.5. Kumbuyo kwa mpope, kumene chipolopolo chimakhala chisanaombedwe, n'kotakasuka chifukwa kumayenera kulandira chikho chonse cha chipolopolo cha chifefe. N'chifukwa chake cha .45 chimalowa. Koma mukangoomba, mutu uja umayenera kudutsa m'bowo lochepa kuposa iwo ndi milimita imodzi yathunthu. Pa nkhani ya mfuti, milimita imodzi ndi yaikulu kwambiri.

Zifefe zambiri zimakhalanso zofinyika kukamwa kwa mpope, chomwe amachitcha choke, kuti njere za mtovu zituluke zili pamodzi n'kufika patali. Njerezo zimatha kusuntha n'kupatsana malo podutsa pofinyikapo. Mutu umodzi wolimba sungathe, makamaka ngati ndi wokutidwa ndi mkuwa. Umakankha chitsulo, ndipo chitsulo cha mpope wa chifefe n'chopyapyala.

Wonga ukayaka umatulutsa mpweya wotentha umene umakankha mutu wa chipolopolo. Bungwe la ku America la SAAMI, limene linakhazikitsidwa mu 1926 kuti liziika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, linaika malire a mphamvu ya mpweyawu. Chipolopolo cha .410 chotalika mainchi 2.5 sichiyenera kupyola 12,500 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu imene mpweya ukukankhira), cha mainchi 3 ndi 13,500 psi. Cha .45 Colt ndi 14,000 psi. Wina akaona manambalawa amati, "Ndiye zikusiyana pang'ono chabe." Pamenepa mpamene ambiri amasokera. Nambala ya 14,000 ija anaiyeza mumpope wa kukula koyenera, mmene mutu umayenda mwaufulu. Mukautsekereza m'bowo lochepa, mpweya umaunjikana kumbuyo kwake, ndipo palibe amene angakuuzeni pamene mphamvuyo ikathere. Mpope ukhoza kutupa, kung'ambika kukamwa, kapena kuphulika pafupi ndi pamene mwagwira ndi dzanja lamanzere, nkhope yanu ili pomwepo.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi munthu amene anaombapo kamodzi mfuti osaphulika. Ameneyo amakhulupirira kuti zonse zili bwino, n'kumalimbikitsanso anzake. Mwina anaika chipolopolo cha mtovu wofewa ndi wonga wochepa, mwina mfuti yake ilibe choke yofinyika. Izi sizisonyeza kuti chitsulo sichinavulale. Chitsulo chikakokedwa mopyola muyezo chimatha kufooka m'kati osaonetsa kunja, n'kudzagonja tsiku lina muli ndi chipolopolo choyenera. Komanso munthu amene wazolowera kuti chilichonse cholowa n'choombeka sadzalekera pa .45 Colt. Pali zipolopolo za .45 Colt zopangidwira mfuti zolimba kwambiri, zamphamvu kuposa zanthawi zonse. Palinso .454 Casull, yomwe imafanana nayo m'lifupi koma imafika 65,000 psi, pafupifupi kasanu kuposa zimene chifefe chinapangidwira. .44 Magnum nayo imafika 36,000 psi. SAAMI ili ndi mndandanda wa mfuti ndi zipolopolo zoopsa kuziphatikiza, ndipo .410 ilimo.

Chisokonezochi chinakula chifukwa pali mfuti zimene zimaombadi mitundu yonse iwiri. Taurus Judge inatuluka mu 2006, Smith & Wesson Governor mu 2011, ndipo palinso mipope ya Thompson/Center Contender ndi mfuti zing'onozing'ono za Bond Arms. Koma taonani mmene anazipangira. Mpope wake ndi wa .45, wokhala ndi mizere yopotana m'kati yozunguza mutu wa chipolopolo, kenako anatalikitsa malo akumbuyo kuti chipolopolo chachitali cha .410 chikwane. Choncho chaching'ono ndicho chikudutsa m'bowo lalikulu. M'chifefe wamba mukuchita zosemphana ndi zimenezi. Ngakhale pa mfuti zamitundu iwirizi pali malire ake: zina za Judge zimalandira .410 ya mainchi 2.5 yokha, ndipo mipope ya Contender ili ndi choke yochita kumangirira imene muyenera kuichotsa musanaike .45 Colt.

Ndipo phindu lake n'chiyani? Mpope wa chifefe ndi wosalala, sungazunguze mutu wa .45, ndiye ngakhale utatuluka umapita ukugubuduka, osalunjika. Amene akufuna mutu umodzi m'malo mwa njere agule zipolopolo za .410 zotchedwa slug. Zimenezo amazipanga ndi mtovu wofewa, wobowoka kumbuyo, pa muyezo wodutsa m'mpope wa .410 komanso pa mphamvu imene mfutiyo ingapirire.

Musanaike chipolopolo chilichonse, werengani zimene zadindidwa pampope, ndipo muziyerekeze ndi zolembedwa pabokosi ndi kunsi kwa chipolopolocho. Zolemba zikakhala kuti zinafufutika, monga zimakhalira pa mfuti zakale zosiyiridwa ndi makolo, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akaiyeze. Ngati mfuti yanu inaombedwapo ndi chipolopolo cholakwika, ichotseni zipolopolo, muyendetse zala pampope kuti mumve ngati patupa, ndipo ngakhale musamve kanthu, isaombedwenso mmisiriyo asanaione.