Mafunso amene anthu amandifunsa za payipi yothirira ndi mawashala kuno ku Mangochi

Ndimalima tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba, chakufupi ndi Shire, ndiye anzanga akamadutsa amakonda kufunsa za payipi yanga yakuda ija. Lamulo langa ndi limodzi basi: musagule chifukwa yawala mtundu, funsani kaye kuti anapangira chani.

Payipi yotchipa ya pulasitiki ija vuto lake ndi chani?

Dzuwa lathu lino achimwene. Imeneyo ndi PVC, ndi yopepuka inde komanso mtengo wake ndi wabwino, koma ikangogona pa mchenga mwezi wa Okutobala ndi Novembala imayamba kuuma gwa, kenako timing'alu pamene imapindika paja, tsiku lina mukutsegula mpopi madzi ali tsaa kumwamba ngati kasupe bedi la mpiru lili louma. Yanga yoyamba inatha choncho, ndinamanga ndi mphira malo anayi mpaka ndinaitaya. Ngati ndalama yafika pa PVC pompo palibe cholakwa, koma tengani yokhala ndi ulusi mkati, mukayang'ana pomwe adula pamaoneka ngati kaukonde. Imeneyo imapirira mphamvu ya madzi.

Nanga ya labala?

Imeneyo ndiye ndimaikonda ine. Ndi yolemera, kuikoka mpaka kumapeto kwa dimba thukuta limatuluka ndithu, ndipo ndi yodula, koma kutentha siiopa, siipindika msanga, ngakhale mwana aiponde ndi njinga imabwerera mwakale. Kwa agogo kapena amene msana umavuta ndiye bola ya ulusi ija.

Saizi ndi iti?

Hafu inchi (pafupifupi 13mm) imakwana pakhomo. Ngati dimba lili patali tengani 3/4, ndiye 19mm, chifukwa payipi ikakhala yaitali koma yopyapyala madzi amafika atafooka. Inu amene mumapopa ku Shire kapena ku Malombe ndi pampu yopalasa kapena ya injini, mbali yokokera madzi musaike payipi wamba, imafinyika n'kutseka, pamafunika yolimba ya mizere yozungulira ija, ndipo kukamwa kwake ikani sefa mchenga usalowe.

Pa mpopi pakudontha, ndigule payipi ina?

Ayi chonde, masulani kaye muone washala. Kanthu kakang'ono ngati ndalama yachitsulo koma ndi kamene kamatseka madzi, osati mazinga ayi, ndiye ena amangomanga ndi pulayala mpaka mazinga a pulasitiki kutha, pomwe vuto ndi washala wophwanyika kapena anagwa kale mumchenga osadziwa. Ndipo dontho lililonse likudutsa pa mita ya Water Board, usiku wonse, mwezi wonse, mtima umandipweteka ndikaona pansi pa mpopi pamera ndere. Washala wa labala ndi amene amapezeka mu hadiweya zambiri pa boma, amagwira bwino koma amauma n'kuthetheka pakapita nthawi. Wa silikoni ndi wofewa, amakhalitsa pa dzuwa, mukamupeza musamusiye. Wa pulasitiki wolimba uja safinyika bwino, ine sindimukhulupirira. Gulani angapo, muzisunga mu kabotolo, ndipo popita ku shopu nyamulani wakaleyo muyerekeze.

Kudula chubu cha njinga n'kupanga washala kumatheka?

Kumatheka, tonse tachitapo Lamlungu mashopu atatseka. Dulani ziwiri musanjikize poti chubu ndi chopyapyala. Koma ndi zongodikirira.

Madzi a mupayipi tingamwe?

Musamwe, ndipo ana auzeni. Mapayipi ambiri othiririra sanapangidwire madzi akumwa, komanso madzi akagona mmenemo padzuwa amanunkha pulasitiki ndipo amatentha zedi. Ngakhale pa nazale, yambani mwawataya pambali mpaka azizire mmanja, apo ayi mbande za tomato zimafota. Mukamaliza kuthirira tsekani ku mpopi, khuthulani madzi otsala, kulungani payipi mozungulira bwinobwino muiike pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde.